Mizere Iwiri ya Nyimbo ya Amayi

Honolulu
Lachiwiri, 21 Julaye

Achimwene anga a Hoapili,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo. Mwadzuka bwanji kumeneko pachilumba chathu cha Molokai, inu ndi alamu ndi ana? Bondo lija layamba kukulolani kutsikira m'matope a munda wa koko, kapena mukungolamula muli pamtunda alamu akuvutika okha? Nanga bambo? Mundiuze zoona, osati zija mumandiuza pa foni zakuti ali bwino, pomwe ine ndikuwamva akutsokomola kuseri kwa mawu anu.

Ine kuno ndili moyo. Musadabwe kuti ndalemba kalata. Pa foni ine ndi inu sititha mphindi zitatu tisanakangane, ndipo woyambitsa amakhala ine, sindikana. Pepala siliyankha, ndiye mwina lero ndifika kumapeto kwa nkhani. Muwerenge nokha kaye, mutakhala pansi. Zowauza bambo muziona mukamaliza.

Ntchito ndi yomwe ija, kuchapa nsalu za pabedi ndi matawelo a alendo kunsi kwa hotela, komwe dzuwa silifika. Kwabwera kapitawo watsopano wochokera ku California, ndipo wapachika chikalata pakhoma chotiuza kuti tizimwetulira. Ndinamufunsa kuti tizimwetulira ndani, makina ochapira kapena matawelo. Anandilembera chenjezo. Manja asweka ndi mankhwala ochapira, koma zala zikugwirabe nsambo za ukulele, kagitala kathu kaja, ndiye sindidandaula.

Za poi wa kuno, phala lija la koko, musandifunse. Amamugulitsa m'timatumba ta pulasitiki, wamadzimadzi, wopanda kakuwawasa kaja ka tsiku lachitatu. Ndimadya chifukwa cha njala basi. Tsiku lopuma, kunja kukayera, ndimakwera basi mpaka kum'mawa kwa chilumba, pamiyala pomwe Molokai amaoneka ngati mtambo wogona pamadzi. Ndimakhala pamenepo ndi ukulele wanga mpaka basi yobwerera. Izi sindinauzepo munthu, ndipo mukadzandiseka nazo ndidzakana.

Tsopano nkhani yomwe ndalembera.

Loweruka ndi Lamulungu kunali chikondwerero cha ukulele ku paki ya ku Waikiki. Zaka zonsezi ndinali ndisanapiteko. Ndinkati ndi za alendo opsa ndi dzuwa aja. Koma a Setsuko, mayi wamasiye wa khomo loyandikana ndi langa, anandigogodera m'mawa atanyamula kale mkeka, ambulera ndi mpunga wokulunga. Anati atopa kundimva ndikuliza ukulele kuseri kwa khoma ngati mkaidi, ndipite ndikaone amisala anzanga. Ndinawayankha kuti wamisala ndi amene amaika khutu pa khoma la eni. Iwo anati khomalo ndi lopyapyala ngati pepala, ndivale patapata tizipita.

Anthu anadzaza udzu wonse mpaka pansi pa mitengo. Panali ana a sukulu mazanamazana atakhala m'mizere pansanja, aliyense ndi kaukulele kake, manja akukwera ndi kutsika limodzi. Panali gulu lochokera ku Japan lovala zofanana, ndi anyamata othamangitsa zala mpaka maso osaziona. Ena amaimba bwino, sindinganame. Koma ambiri amathamanga ngati akuthawa mvula. Palibe amene amasiya mpata kuti nyimbo ipume, monga ankachitira bambo pakhonde. Ndinawauza a Setsuko zimenezi mokweza, wa kutsogolo kwathu n'kucheuka, inenso n'kumuyang'ana mpaka anabweza khosi lake.

Dzuwa litapendeka kunakwera gulu la nkhalamba zopuma ntchito kudoko, zokwana khumi ndi ziwiri. Wotsogolera anali mdala wamfupi wa chipewa choluka. Wolengeza anati aimba nyimbo yakale ya ku Molokai, yomwe woipeka wake sadziwika. Ine ndinali ndi mpunga m'kamwa, osalabadira.

Achimwene, inali nyimbo ya amayi.

Sindikunena yofanana nayo ayi. Yomweyo, yomwe bambo anapekera dzina la amayi, yomwe sinatulukepo pa mpanda wathu. Ndime ya mphepo yodzutsa fumbi lofiira, ndime ya mvula yotsika m'chigwa, ndime ya duwa loyera la kuseri kwa khutu, zonse m'malo mwake. Ngakhale kaja kokoka nsambo ya pamwamba asanalowe ndime yachiwiri anakachita. Atafika pomwe payenera kulowa ndime yomaliza, ija yotchula mwini nyimbo, anangomenya nsambo kawiri n'kusiya. Anthu m'manja. Nyimbo ya dzina yopanda dzina, ndipo anthu akuombera m'manja.

Mukundidziwa. A Setsuko akuti anandigwira siketi, ine sindinamve. Ndinadumpha mikeka ya anthu, patapata wanga mmodzi n'kutsala pafupi ndi mbale ya nkhuku ya banja lina. Ndinakafika kuseri kwa nsanja mdala uja akupukuta ukulele wake ndi kansalu. Moni sindinapereke. Ndinamuuza kuti ndi wakuba. Ndinati nyimbo ya dzina ili ndi mwini wake, satola ngati mango akugwa panjira. Ndinati woipeka akudziwika, ali moyo, ali ndi zaka 79, ndipo dzina lake ndi Iokepa Kauhane. Anzake anatizungulira. Wina anati nditsitse mawu, pamsinkhu awa ndi amalume anga. Ndinamuuza kuti amalume anga ndimawadziwa onse, ndipo oba nyimbo mulibe.

Mdalayo sanakwiye. Anavula chipewa, n'kundiyang'anitsitsa.

"Ndiwedi mwana wa Iokepa," anatero. "Nayenso akapsa mtima khutu limodzi lokha ndi lomwe limafiira. Khala pansi, mwanangu. Ndaiimba zaka makumi asanu kudikira kuti wina adzabwere kudzanditukwana."

Ndinakhala.

Dzina lawo ndi a Eusebio Ragasa. Anabadwira m'makomboni a m'minda ya nanazi kwathu konko, makolo awo anachokera ku Philippines. Akuti ali anyamata ankathyola nanazi mzere umodzi ndi bambo, ndipo ankakwera lole imodzi m'mawa uliwonse. Nyimboyi bambo anaipekera kumbuyo kwa lole imeneyo, ndime imodzi mwina mwezi wathunthu, n'kumawakakamiza a Eusebio kuti aziwathira mang'ombe. Ndime zitatu anawaphunzitsa. Yomaliza anakana. Anati mtsikanayo sanavomere, ndipo dzina la mtsikana saliimba mu lole yodzaza amuna onunkha thukuta mwini wake asanalimve. Akuti lole yonse inatchula atsikana a chilumba chonse, kuyambira mwana wa abusa mpaka namwino wa mano otuluka, bambo ali duu, khutu lili psuu.

Kenako a Eusebio anapeza ntchito kudoko la kuno n'kuchoka nkhaniyo isanathe. Analemba makalata awiri, yankho osabwera. Apa ndinaseka ngakhale ndinali ndisanafune kuseka, chifukwa bambo ndi cholembera mukudziwa udani wawo.

Ndinawafunsa chifukwa chake analengezetsa kuti woipeka sadziwika. Anati sakanaika dzina la Iokepa pa nyimbo yodukiza popanda chilolezo chake. Ndinati nanga chilolezo choiimba anachitenga kuti. Anavomera kuti analibe. Anati pochoka ku Molokai ananyamula malaya awiri ndi nyimboyi, malaya anatha kalekale. Ndiye ndinawapanikiza, monga ndimachitira, kuti ndege yopita kwathu sitha ndi ola lomwe, chinawaletsa n'chiyani kupita kukapempha.

Anayankha kuti chaka choyamba munthu umati ndipita chaka chamawa. Zikakwana zisanu umayamba kuchita manyazi ndi zakazo. Zikapitirira pamenepo, chomwe chimakuletsa si nyanja ayi, koma funso lomwe akakufunse pakhomo, lakuti unali kuti.

Funso limenelo, achimwene, likundidikira inenso.

Anafuna kudziwa mtsikanayo anali ndani. Nditatsegula pakamwa anakweza dzanja n'kundiletsa. Anati dzina lomwe alidikira zaka makumi asanu sangalimvere kuseri kwa nsanja pafupi ndi migolo ya zinyalala. Alimve m'malo mwake, m'ndime yake. Anati gulu lawo liimbanso Lamulungu masana, ndibwere ndi ukulele wanga ndidzaimalize. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati chabwino, adzaone mmene nyimbo imaimbidwira.

Apa ndiyenera kunena zomwe ine ndi inu takhala tikuzilambalala zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku loika amayi, anthu akudya pabwalo, ndinatenga ukulele n'kuyamba nyimbo yawo. Bambo anadzuka, anagwira khosi la ukuleleyo nsambo n'kukhala chete, ndipo anati nyimboyo yapita ndi mwini wake, isadzamvekenso. Ine ndinawayankha pamaso pa anthu onse kuti munthu amene anakana kundiphunzitsa alibe mphamvu zondiletsa. Ndinawonjezanso kuti mawu okoma onse omwe anali nawo anawathera m'nyimbo imodzi, m'nyumba osatsala ndi limodzi lomwe. M'mawa mwake ndinakwera ndege. Inu munandiperekeza osalankhula, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati munali mbali yanga kapena munkangoonetsetsa kuti ndapitadi.

Zoti anakana kundiphunzitsa ndi zoona, ndipo sindizibweza. Anati wamanzere ngati ine atembenuze manja kapena asiye. Ndinaphunzira ndekha nditabisala kuseri kwa chitseko, pa ukulele wanu womwe ndinkaba mukapita kumunda, nditaugwira chadodolido chifukwa nsambo sindikanasintha, mukanandigwira. Koma mawu achiwiri aja, a m'nyumba, sindinayenere kuwanena. Munthu anali atangoika mkazi wake.

Ndiye ndinkadziwa bwinobwino kuti Lamulungu ndikukaswa lamulo lawo kachiwiri. Ndinapitabe. Ndinadziuza kuti bola kuswa lamulo kusiyana ndi kusiya dzina la amayi likudulidwa pamaso pa anthu chaka ndi chaka. Kuyeserera sindinayeserere. Ndinati nyimbo yomwe ndinayamba kuimva ndili m'mimba ndiyesererenji.

Lamulungu a Eusebio anatenga okha chokuzira mawu. Anauza anthu kuti dzulo ananama, woipeka nyimbo akudziwika, ndi Iokepa Kauhane wa ku Molokai, ndipo uyu ndi mwana wake amene anabwera kudzawatukwana. Anthu anaseka. Mdala wa pambali panga, yemwe uja anati nditsitse mawu, anayang'ana mmene ndagwirira ukulele n'kundinong'oneza kuti azakhali, mwaveka mwana thewera kumutu. Ndinamuuza kuti asamale zake, nsambo yake yachitatu yatsika. Anaimvetsera, n'kuikonza mwakachetechete.

Ndime zitatu zinayenda ngati madzi mu ngalande. Ndinawabweza liwiro, nyimbo inapuma, ndipo kwa kanthawi ndinamva fungo la utsi wa pakhonde pathu. Pofika ndime yomaliza nkhalamba zonse zinatsitsa manja, ndinatsala ndekha. Mzere woyamba unabwera. Wachiwiri unabwera. Wachitatu kunalibe.

Kunalibe, achimwene. Wachinayinso kunalibe. Ndinafufuza m'mutu monse n'kupezamo manja a amayi okha, lina likukwera kukhutu, lina likutsika ngati akuthira madzi pa mbewu. Pamenepo m'pomwe ndinazindikira. Ndime imeneyi bambo ankaimba okha, motsitsa, m'chilankhulo chathu cha Chihawai, chakuya chija chomwe ife kusukulu sitinachipeze, ndipo nthawi imeneyo amayi amakhala atadzuka kuvina. Tonse tinkayang'ana manja a amayi. Pakamwa pa bambo palibe ankayang'anapo. Inunso dziyeseni pomwe mwakhalapo, muona.

Zala zinapitiriza zokha, pakamwa nditatseka, anthu zikwi ali chete kundiyang'ana. Mizere iwiri ndi yaifupi, koma tsiku limenelo inatalika kuposa ulendo wa ngalawa ya katundu. Nditafika kumapeto ndinachita chokhacho chomwe ndinali nacho. Ndinatchula mwini nyimbo, monga amatchulira pomaliza.

"Dzina lake ndi Wailana."

Kumbuyo kwanga ndinamva a Eusebio akukoka mpweya. Anaiwala kuti chokuzira mawu chili pakamwa pawo.

"Wailana wa ku positi ofesi? Ndiye chake. Munthu wosalemba kalata ankakatani ku positi tsiku ndi tsiku?"

Paki yonse inaseka. Inenso ndinaseka, misozi ikulowa m'kamwa, mphuno zikutuluka, pamaso pa alendo ndi makamera awo. A Setsuko akuti sanandionepo nditanyansa chotero, ndipo akuti anasangalala.

Titatsika anandifunsa, akusekabe, kuti Wailana ali bwanji, akadali wolongolola ngati kale. Ndinawauza kuti anatisiya. Anavala chipewa, anachivulanso, n'kumangochizunguza m'manja. Tinakhala pansi pa mtengo gulu lina likuimba zothamanga zija. Kenako anati amayi ankanyambita okha masitampa a anyamata a m'makomboni osadziwa kulemba, n'kuwakonzera maadiresi osawachititsa manyazi. Zimenezi ine sindinkazidziwa. Inu munkazidziwa?

Ndinawauza kuti nkhani ya mizere iwiri ndi yaing'ono, ndikuuzani inu muwafunse bambo, mulembe, munditumizire pa foni. Anandiyang'ana ngati ndanena zachibwana, ndipo ndinali nditanenadi zachibwana. Tonse tikudziwa zomwe bambo amanena, kuti nyimbo imachoka pakamwa kulowa m'khutu, anthu atakhala mawondo akugundana, ndipo yapapepala ndi mtembo wa nyimbo. A Eusebio anati ngakhale pa lole ankatero.

Ananenanso china chomwe chandikhala pamtima. Anati wamanzere akakhala moyang'anizana ndi mphunzitsi amakhala ngati galasi, dzanja kutsata dzanja, ndipo Iokepa anapusa pokana mwana wotero. Anati zimenezi akawauza bambo pamaso. Ndinati ayese, aone khutu. Koma anatinso pomwe ndinakoka nsambo ija tisanalowe ndime yachiwiri, anacheuka kufuna kuona ngati Iokepa wakwera pansanja. Zaka zonsezi ndimadzitama kuti sanandiphunzitse munthu. Kani kuseri kwa chitseko kuja ndinkaphunzira kwa yemweyo.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo si lakuti mulembe mawuwo. Musayesenso zowatchera foni m'thumba kuti muwajambule mobisa, ndikukudziwani. Mukapeza tsiku lomwe adya bwino, agwape sanawadyere mbatata, mukhale nawo pansi muwafunse ngati angalole kuti ndibwere. Ndili ndi sabata yopuma mu Seputembala. Ndikufuna ndikhale pakhonde moyang'anizana nawo andipatse mizere iwiri imeneyi.

Musawabisire kanthu. Muwauze kuti ndinaiimba pagulu popanda chilolezo chawo, ndipo ndinakanika. Akanena kuti nyimboyo inapitadi ndi mwini wake, ndamva, sindidzaiimbanso pamaso pa munthu, ndipo mukudziwa kuti ine ndikalonjeza ndalonjeza. Koma andipatsebe, ndiisunge ndi pakamwa potseka. Chifuwa chomwe ndimachimva pa foni chija sichindikhazika mtima pansi. Iwo akapita, mizere iwiriyi ipita nawo, ndipo nyimbo ya amayi idzakhala yobooka mpaka kalekale, pamalo pomwe bambo ananena chomwe anawakondera. Ineyo ndinawanena kuti analibe mawu okoma, pomwe mawu okomawo sindinawamvetsere n'komwe.

Muwauzenso kuti Eusebio wa pa lole ali moyo, mano ndi ogula koma mawu ndi omwe aja, ndipo akufuna kubwera nane kudzapempha chilolezo chomwe anachedwa nacho zaka makumi asanu. Akuti akamukana agona pakhonde mpaka amulole. Ndamuuza kuti pakhonde pathu pali udzudzu woposa wa kudoko. Akuti abwera ndi bulangete.

Chomaliza muwauze chonchi, mmene ndalemberamu: Nalei wati pepani. Musakometsere, musawonjezere zanu zija za m'tchalitchi. Akudziwa kuti chibadwire sanandimvepo ndikunena mawu amenewa, ndiye adziwa okha kulemera kwake. Akalola, ndidzawanenanso ndi pakamwa panga, nditavula patapata pakhomo.

Mundiperekere moni kwa alamu a Kehau, muwauze kuti nyama youma ija anatumiza pa Khirisimasi ndinaidya pang'onopang'ono mpaka Malichi. Moni kwa ana anu, Makoa ndi Pilialoha. Pilialoha ndamva kuti nayenso amagwira supuni ndi dzanja lamanzere, musamutembenuze. Moni kwa azakhali a Lovey ku Kaunakakai, koma kalatayi asaione, apo ayi chilumba chonse chiimva bambo asanaimve. Mukapita kumanda mukawathirire madzi maluwa a amayi m'dzina langa.

Yankho mundiimbire foni. Ndikulonjeza kukhala chete mpaka mumalize kulankhula, ngakhale litakhala lakuti ayi.

Ndikaweruka kuntchito ndimaiimbabe m'chipinda muno, motsitsa. Ndikafika pa mizere iwiri ija ndimatseka pakamwa, zala zokha zikuyenda, ndipo a Setsuko kuseri kwa khoma amazimitsa wailesi yawo mpaka ndidutse.

Tsalani bwino, achimwene.

Ndine mlongo wanu wamanzere,
Nalei